Dzanja la Ababa Litamasuka

Kwathu ku Nkhotakota nyama sidyedwa chifukwa choti yapsa. Anthu amayamba afunsa kuti wazinga ndani. Pamaliro, paukwati, pachinkhoswe, kaya mwini zochitika ndi Msilamu kaya ndi wa kutchalitchi cha mishoni, mbuzi imadikira pachingwe mpaka atabwera Msilamu wodziwa kuzinga, chifukwa palibe amafuna kuti theka la alendo ake libweze mbale. M'dera lathu munthu ameneyo anali ababa. Ntchito yawo yeniyeni inali kusoka maukonde ndi kulima mpunga kudambo, koma mlendo akafunsa njira ya kunyumba kwathu, ana ankangoti mukufuna kwa ozinga.

Sankalipiritsa munthu. Eni mbuzi ankawapatsa khosi, ndipo ine ndinakula ndikudya makosi a mbuzi za eni mpaka anandikola. Koma ulemu wake unali waukulu. Ndinkawaona akunolera mpeni kuseri kwa nyumba kuti nyama isaone, akuimwetsa madzi, akuigoneka moyang'ana ku kibula, kumene timayang'ana popemphera, kenako Bisimila, kutchula dzina la Mulungu, dzanja n'kudutsa kamodzi basi. Ogwira miyendo ankazindikira mochedwa kuti zatha. Ababa ankanyansidwa ndi munthu wocheka khosi la nyama ngati akucheka thabwa. Ankati kudya tidya ndithu, koma cholengedwa cha Mulungu chisamve mpeni kawiri.

Ine ndinabwerera pakhomo banja langa la ku Dwangwa litatha, amayi atamwalira kale, choncho matenda a ababa ndinawaona kuyambira pachiyambi. Anayamba ndi chala chachikulu cha kumanja. Akakhala pakhonde chinkangopukusa chala chinzake ngati akuwerenga mikanda ya tasibihi, pomwe tasibihiyo ili m'thumba. Odutsa ankati mkuluyu wazama m'mapemphero. Dzanja lonse litayamba kunjenjemera, omwewo anasintha nyimbo. Ena ankati magazi a mbuzi zonse zija akuwabwerera. Ena ankati pali wina wawalodza polimbirana dambo la mpunga. Mayi wina amene tinkagulitsa naye usipa pamsika anandifunsa, nkhope ili yachisoni, ngati ababa sanayambe kulawa kachasu mobisa. Ababa, munthu woti chibadwire changa sindinawaonepo akulumpha swala, pemphero lathu la tsiku ndi tsiku. Ndinamuyankha mawu amene sindingalembe pano, ndipo mpaka lero tikakumana aliyense amayang'ana kwake.

Kuchipatala cha ku Lilongwe ndi kumene anatiuza dzina la matendawa, Pakinisoni, n'kutiuzanso kuti sachizika, amangochepetsedwa ndi mapiritsi. Mapiritsiwo ankathandiza akapezeka. Anthu akunja ankaona kunjenjemera kokha, koma ine wa m'nyumba ndinkadziwa kuti mdani weniweni ndi kuuma kwa thupi ndi kuchedwa. Dzanja la ababa likagwira chinthu linkakhala bata ndithu, koma linkayenda ngati likupempha chilolezo. Kumanga mabatani a mkanjo inkakhala ntchito ya m'mawa wonse. Pakhomo lolowera m'nyumba mapazi ankangomatirira pansi, iwo akufuna kupita, miyendo ikukana. Nkhope nayo inauma moti ana anayamba kuwaopa, kuganiza kuti akwiya.

Kuzinga anasiya okha. Tsiku lina anaitanidwa kukazinga nkhuku ya alendo panyumba ina yapafupi, ndipo mpeni unaima pakati panjira. Nkhuku inaphupha, iwo n'kubwereza. Eni nkhuku sanadandaule, nkhuku ndi nkhuku. Koma ababa anabwera kunyumba, anatsuka mpeni wawo, n'kuukulunga m'kansalu, ndipo tsiku limenelo sanadye. Kuyambira pamenepo obwera ndi mbuzi ankawalozera kwa mwalimu wophunzitsa ana kumzikiti. Akamva mbuzi ikulira kwinakwake m'mudzi, ankatembenuza mutu pang'onopang'ono kuyang'ana komweko.

Ndili ndi achimwene anga ku Joni, oyamba kubadwa, oyendetsa galimoto yonyamula katundu wa kampani ina. Ndinene zoona, si munthu woumira. Malata a nyumba yathu anakhoma ndi iwo, mapiritsi akasowa kuno ankatumiza ndi iwo pabasi. Vuto lawo ndi limodzi: chabwino chimene achita chiyenera kuwomberedwa m'manja, ndipo owombawo akhale ambiri. Ndi iwo amene anaimba foni n'kunena kuti bwana wawo wawauza za chipatala china kumeneko chimene chimathandiza odwala ngati ababa ndi maginito. Sang'amba mutu, sabaya jakisoni, amangoika chinthu pamwamba pamutu. Ine ndinaseka, poganiza kuti ndi za anthu aja amagulitsa zibangili zochiza matenda onse padepoti. Ababa sanaseke. Anadikira achimwene amalize, n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Kodi dzanja limafulumira?"

Tinanyamuka nthawi ya mwera. Ulendo wa pabasi ndi munthu wouma thupi sindingaufunire ngakhale mayi uja wa kachasu. Pamalire aliwonse ndinkawatsitsa ngati thumba la mpunga, anthu kumbuyo kwathu akung'ung'udza kuti tikuwachedwetsa.

Chipatalacho chinali nyumba wamba, yaukhondo, yopanda mizere ya anthu. Dokotala anali mayi wamfupi wa magalasi. Asanayambe chilichonse anafunsa ngati ababa ali ndi chitsulo m'mutu kapena ngati anagwapo khunyu, kenako anatiyalira zonse poyera m'Chingerezi. Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma ndinamva. Anati maginito sachotsa matenda, amangodzutsa mbali ya ubongo imene imalamulira kuyenda kwa thupi. Anthu ena sawathandiza n'komwe. Amene awathandiza, thupi limamasuka kwa masabata, mwina miyezi yochepa, kenako zimabwerera pang'onopang'ono. Mapiritsi asasiye. Ndipo anabwereza kuti thupi likamasuka asalisunge, aligwiritse ntchito, achite zimene akhala akulakalaka kuchita. Achimwene anatembenukira kwa ababa n'kumasulira zonsezo m'mpweya umodzi.

"Akuti muchira, ababa."

Anawakhazika pampando wotsamira ngati wa kozula mano, n'kuwavula chisoti, ndipo ndikhulupirira kuti kuvulidwa chisoti pamaso pa mayi wachilendo kunawapweteka kuposa zonse zimene zinatsatira. Dokotala anatenga chinthu chooneka ngati timagudumu tiwiri tolumikizana, chokhala ndi chingwe chonenepa chopita kumakina, n'kuchigundika pamutu pawo. Ankachisuntha pang'onopang'ono, kufunafuna malo. Makina atalira kuti tha, chala cha ababa chinadumpha chokha. Dokotala anati wapeza, pamenepo ndi pamene dzanja limamvera. Ababa anachiyang'ana chalacho nthawi yaitali.

Tinkapita tsiku ndi tsiku. Ankawatseka m'makutu, makina n'kumalira tha tha tha, kupuma, n'kuyambanso. Ababa ankati zimamveka ngati mbalame ikugogoda pachigaza, ndipo potuluka mutu unkawapweteka pang'ono. Tsiku lina achimwene atapita kuntchito ndinawafotokozera zonse zimene dokotala ananena, osachotsapo kanthu. Sindinafune kuti adzagwe kuchokera pamwamba. Anamvetsera maso ali pansi.

"Ndamva, mama," anatero. "Ngakhale utakhala mwezi umodzi, ndi wa Mulungu."

Sabata yoyamba sitinaone kanthu, ndipo ine ndinayamba kukonza mawu odzawalalatira achimwene. Koma m'mawa wina ndinatuluka kukhitchini ndi tiyi n'kupeza ababa atamanga kale mabatani onse. Anadutsa pakhomo osaima. Kunjenjemera kunalipobe, koma mkono unali wopepuka, unkapita kumene autuma nthawi yomweyo. Anatenga lalanje ndi kampeni ka patebulo n'kulisenda mozungulira, khungu osaduka, ndipo anandionetsa ngati mwana wobwera ndi mayeso okhoza.

"Tikafika, tiyamba ndi nkhuku," anatero.

Ndinasangalala moti ndinapita kubafa kukalira, kuti asandione.

Tsiku lobwerera achimwene anatiperekeza kudepoti, ndipo ndi kumeneko anatulutsa nkhani yawo. Anati analonjeza kwa Mulungu kuti ababa akachira adzachita sadaka ya ng'ombe, ndipo ng'ombeyo adzazinga ndi ababa eni ake pamaso pa mudzi wonse. Koma tchuthi chawo ndi Disembala, ngati majoni onse.

"Ndiye mpeni musaugwire kaye, ababa. Dzanja limeneli liyambe ndi nyama ya sadaka."

Ndinawakumbutsa zimene ananena dokotala. Anati madokotala amalankhula choncho podziteteza, ndipo ine ndichepetse pakamwa pa tsoka. Ababa anangoti Inshaallah. Ine ndinaganiza kuti ndi Inshaallah uja timanena pofuna kuti munthu atileke, ndipo ndinakwera basi mtima uli m'malo.

Tinafika kunyumba n'kupeza azakhali, alongo awo a ababa a ku Mwadzama, atayala kale mphasa yawo kuchipinda kwanga. Achimwene anali atawaimbira foni n'kuwaika kukhala mlonda wa lonjezo. Azakhali ndi munthu woti akapatsidwa lamulo loti asunge amanenepa nalo. Mpeni wa ababa anali atauchotsa kale pamene unkakhala n'kuutsekera m'sutikesi yawo, kiyi ali pachingwe m'khosi.

Kenako anayamba ozonda. Kwathu munthu akabwera kuchokera kuchipatala chakutali sumupatsira moni pamsewu. Umapita kunyumba kwake, n'kukhala pansi, iye n'kukufotokozera ulendo wonse kuyambira pamene anakwera basi. Ndi mwambo wabwino, sindikuunyoza, koma unadya masiku a ababa. Kuyambira m'mawa ankawakhazika pampando pakhonde, atavala mkanjo woyera, anthu akusinthana pamphasa: a kumzikiti, a kutchalitchi, asodzi, achibale a ku Dwambazi amene pamaliro a amayi sitinawaone. Aliyense ankafuna kuona ndi maso ake.

"Taimirirani, achimwene, anthu aone," ankatero azakhali.

Ababa ankaimirira, kuyenda mpaka pamtengo wa mango, kutembenuka, n'kubwerera pampando, anthu n'kumati Mashaallah. Omwe aja a magazi a mbuzi analinso pompo, akumwa tiyi wanga ndi shuga wanga. Ababa akatenga khasu kapena singano ya ukonde, azakhali ankawalanda, ati munthu wochira kumene sagwira ntchito, kapena akufuna anthu anene kuti ana ake samusamala.

Sindinganame, zina anazipeza. Lachisanu ankayenda okha kupita kumzikiti n'kukagwada mpaka mphumi kugunda pansi, osati kuswali ali pampando ngati kale. Ankadya okha osataya. Koma alendo akachoka ndinkawaona akuyendetsa dzanja m'malere, kamodzi, mofulumira, kuyesa ngati likadalipo.

M'mawa wina kunabwera mayi woyandikana nafe, wa kutchalitchi, mnzawo wa malemu amayi, atapanira tambala m'khwapa. Mwana wake wamkazi anali atapeza banja kwa mnyamata wachisilamu, ndipo tsiku limenelo akuchimuna ankabwera kudzaonekera.

"Ababa, ndamva kuti Mulungu wakukumbukirani," anatero atagwada. "Alendo anga lero ndi a kwanu. Ndati tambala ameneyu asapite kwina."

Ababa anaimirira osagwira mpando. Nkhope youma ija ndinaiona ikumwetulira. Anandiuza kuti ndibweretse madzi ndi mpeni wa kukhitchini, aunola okha. Ndinathamanga ngati mtsikana. Pobwera ndinapeza azakhali ataima pakati pa ababa ndi tambala, foni ili m'manja, atakweza mawu kuti tonse timve. Achimwene ankalankhula ali m'galimoto.

"Ababa, ine ndinalonjeza kwa Mulungu, ndipo anthu onse ndawauza. Ng'ombe ndagula kale, akundisungira ku Dwangwa. Ndiye dzanja limene ndalivutikira liyambe ndi tambala wa eni? Mwapirira zaka zonsezi, miyezi yochepa yokhayi ingakukanikeni?"

Ndinalanda foni. Ndinawauza kuti miyezi imene akuinenayo kulibe, ndipo akudziwa, chifukwa dokotala ananena iwo ali pompo. Ndinati ng'ombe yawo sithawa koma dzanja lithawa, ndipo ngati m'manja mukuwayabwa kuti awomberedwe, akwere basi mawa. Anandiyankha kuti ntchito ya eni sasiya ngati mmene ena amasiyira mabanja ku Dwangwa. Azakhali anathirapo kuti nanga iwe waperekapo chiyani pa ulendo wonsewu. Ndinali ndi yankho, msana wanga unali mboni, koma ababa anakweza dzanja lomwelo kundiletsa.

"Basi, mama. Mwana wavutika. Tidikire."

Anakhala pansi n'kumuuza mayi uja kuti pepani, mupite naye kwa mwalimu. Mayiyo anapepesa ngati walakwa ndi iye, n'kunyamuka ndi tambala wake. Ine ndinatsala chiimire ndi beseni la madzi ndi mpeni wa kukhitchini.

Pa onse atatuwo amene ndinakwiya nawo kwambiri ndi ababa, chifukwa iwo ankadziwa zoona zake, ndinawauza ndine. Tsiku lomwelo ndikuwapatsa mapiritsi ndinawafunsa kuti alolera bwanji kutaya chinthu chimene anachipitira ulendo wonse uja. Anameza mapiritsi, n'kundibwezera kapu.

"Ananditengera kumeneko ndi iye. Ndikamuchititsa manyazi, dzanja labwino lindipindulira chiyani?"

Ndinapita kwa shehe wathu. Anandimvetsera bwino, ndipo anati m'chipembedzo mulibe lamulo lotero. Lonjezo limamanga mwini wake amene walonjeza, silimanga dzanja la munthu wina, ndipo ababa atazinga nkhuku lero sadaka ya Disembala siingaonongeke. Ndinawapempha kuti akanene zimenezo kunyumba. Anabweradi. Anamwa tiyi, anayamikira ana osamala makolo, anachita duwa, pemphero lopempha madalitso, ndipo mawu amene anandiuza aja anabwerera nawo ali m'thumba la mkanjo. Sindikuwaimba mlandu kwambiri. Aliyense ankadziwa kuti ng'ombe ikubwera, ndipo panalibe wofuna kukhala woyamba kukhumudwitsa mwini ng'ombe.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, mabatani anayamba kuvuta. Poyamba limodzi lapakhosi, kenako onse. Tsiku lina ndinawapeza ataima pakhomo lolowera m'nyumba, mapazi atamatirira, akuyang'ana pansi. Ndinangowagwira pachigongono n'kuwawerengera masitepe monga ndinkachitira kale, iwo n'kudutsa. Ozonda anali atatha nthawi imeneyo, aliyense anali ataona kale. Azakhali anati ndi maso a anthu ansanje amene achita zimenezi, kuiwala kuti anthuwo ankawaitana ndi ndani. Achimwene pafoni ankati ndikukokomeza, ndilimbikire kuwapatsa mapiritsi ndi zakudya zabwino. Ababa anasiya kuyesa dzanja m'malere.

Mvula yoyamba inagwa, mango anapsa, majoni anayamba kufika ndi ngolo zokoka kumbuyo kwa magalimoto. Achimwene anafika ndi zonse: ng'ombe yamphongo yonenepa bwino, matumba a mpunga, tenti yobwereka, zokuzira mawu. Atawaona ababa akudzuka pampando mogwirira, ndinaona nkhope yawo ikugwa, koma anaidzutsa msanga. Tsiku loti mawa sadaka ndinawatengera kuseri n'kuwapempha, ulendo uno mofatsa, kuti ng'ombe azinge mwalimu, ababa angochita duwa atakhala pampando.

"Anthu abwera kudzaona ababa akuzinga," anatero. "Akangogwira mpeni thupi likumbuka lokha. Iwe zonse umangoziona zakuda."

M'mawa wa sadaka pabwalo panadzaza. Amuna anaigwetsa ng'ombe, kuimanga miyendo, n'kuitembenuzira ku kibula pafupi ndi dzenje la magazi. Azakhali anatulutsa kiyi m'khosi mwamwambo, n'kubwera ndi mpeni atautambasulira m'manja awiri. Ababa anatuluka m'nyumba ndi timasitepe tating'ono, ine ndili kumbuyo kwawo. Matendawa amadana ndi maso a anthu, ndipo tsiku limenelo maso anali ambiri, mafoni akujambula. Patatsala pang'ono kuti afike pa ng'ombe mapazi anakana. Achimwene ndi bambo wina anawagwira m'khwapa, kuwafikitsa, n'kuwagwaditsa.

Anawapatsa mpeni. Dzanja linkanjenjemera moti chitsulo chinkaphethira padzuwa. Ndi dzanja lamanzere anasisita khosi la ng'ombe n'kupeza malo ake osafunafuna, zimenezo sanaiwale. Milomo inanena Bisimila, mawu osamveka. Mkono unakwera pang'ono n'kuima. Tinadikira. Ng'ombe inkapuma mwamphamvu, amuna oigwira anayamba kuyang'anana, mafoni ena anatsika. Ine ndinali pafupi, ndiye ndinamva achimwene atawerama n'kunong'oneza.

"Ingokhudzani khungu, ababa, anthu aone magazi. Ena amaliza."

Ababa sanawayang'ane. Anatembenuza mpeni pang'onopang'ono, chigwiriro kutsogolo, n'kuuloza kwa mwalimu amene anaima chapafupi. Zinatenga nthawi, ndipo panalibe amene anawathandiza. Mwalimu anaulandira mwaulemu, anagwada, n'kuizinga ng'ombe bwinobwino. Pamene anthu ankaunjikana kuti ayambe kusenda, ine ndinawadzutsa ababa n'kuwalowetsa m'nyumba, mawondo a mkanjo ali matope.

Sadaka inayenda bwino, onse amatero. Mpunga unakwanira, nyama inafika ngakhale kwa oyandikana nafe a kutchalitchi, zokuzira mawu zinatamanda mwana amene anatengera bambo ake kunja kukachiritsa. Anthu ena anandipeza kukhitchini n'kumandiuza kuti ndisadandaule, ukalamba ndi ukalamba. Wina anati mwina ku Joniko anangotidyera, maginito angachize munthu bwanji. Ameneyo ndinamuyankha kuti maginito anagwira ntchito yawo yonse, ndinaona ndi maso angawa, amene analephera ndi anthu. Sanamve, pakamwa pake panali nyama.

Masana anthu atayamba kubalalika, ndinawapititsira ababa chakudya kuchipinda. Anali atakhala m'mbali mwa bedi, manja ali pamawondo. Achimwene analowa pambuyo panga n'kukhala pansi, pasimenti, ndi buluku lawo latsopano. Maso anali ofiira, ndipo ndikudziwa kuti sankanamizira. Munthu uja amawakonda ababa, n'chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa chonchi.

"Ababa, ndidzakutenganinso," anatero. "Dokotala uja anati zikabwerera n'zotheka kubwereza."

Ndinaika mbale pansi. Kani zimene ananena dokotala anazimva zonse, ndipo ankazikumbuka bwino. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinaona kuti ababa akusonkhanitsa mawu, ndiye ndinadikira. Mawu awo anali atachepa kwambiri, moti tonse awiri tinasendera pafupi kuti timve.

"Ukadzanditenganso, ndikadzabwera usadzauze munthu." Anapuma, n'kumeza malovu. "Ukanatha, ngakhale iwe usadzadziwe."

Achimwene anaweramitsa mutu. Kunja amayi ankatsuka miphika n'kumaseka.

Anabwerera ku Joni chaka chatsopano chitangolowa, azakhali n'kubwerera ku Mwadzama ndi ntchafu ya ng'ombe. Ulendo wachiwiri sunachitike. Poyamba inali ntchito imene inachepa, kenako mapepala a pamalire, kenako thupi la ababa linafika poti silingapirirenso basi. Mapiritsi amatumizabe, ndipo akaimba foni amafunsa ngati ababa akudya. Ndimawayankha kuti akudya.

Ababa akadalipo. Dzanja lawo lamanja linafumbatika, ndipo m'mawa uliwonse ndimalitsegula ine, chala chimodzichimodzi, kuti ndilisambitse.